Foni yanu ikukuwerengani, anyamata

Werengani mpaka pansi musanatumize kwa ena.

Zimene mumaona mukatsegula Facebook, TikTok kapena YouTube sizibwera mwangozi ayi. Makinawo amalemba zonse: vidiyo imene mwaichedwerapo, chimene mwasaka, dera limene muli, ngakhale nthawi imene mumagwira foni. Mawebusaiti ambiri amasiyanso tizizindikiro totchedwa ma cookies m'foni mwanu kuti mukabweranso akudziweni. Akatero amakukonzerani tsamba lanulanu. N'chifukwa chake anthu awiri m'boti limodzi mafoni awo amaonetsa zosiyana.

Ife ana a asodzi izi si zachilendo. Siginala sathamangitsa usipa. Amayatsa nyali n'kudikira, usipa umabwera wokha, chilimira n'kuzinga. Pa intaneti nyaliyo ndi zimene mumakonda, wogula nsombazo ndi wotsatsa malonda. Meta, mwini wa Facebook, pafupifupi ndalama zake zonse zimachokera kwa otsatsa amenewa.

Sindikuti zonse n'zoipa. Uzisaka za injini ya Yamaha, YouTube izikubweretsera mavidiyo a kabyuleta, mapulagi ndi impela, uphunzira zimene ena amalipirira. Vuto ndi loti makinawo sasiyanitsa chokuthandiza ndi chokupweteka, bola usachoke. Ukadina za kandege kangapo, mawa lake zotsatsa za kubetcha ndi ngongole zapafoni zakuzungulira. Ndalama yogonera panyanja usiku wonse imatha usanafike kunyumba, bandulo nayo yapita.

Komanso zimene amatolerazo zimatha kugwera m'manja olakwika. Mu 2018 zinaululika kuti kampani ya Cambridge Analytica inatenga zambiri za anthu ofika 87 miliyoni a pa Facebook pofuna kuzigwiritsa ntchito pa ndale. Mu 2019 boma la America linalipiritsa Facebook madola 5 biliyoni. Kwathu kuno lamulo la Data Protection Act linabwera mu 2024, woyang'anira ndi MACRA, koma lamulo silingakugwireni chala.

Ndiye chitani izi. Zopanda phindu dinani "Not interested". Zotsatsa za juga zibiseni. Fufutani ma cookies ndi history pafupipafupi. Apu imene sikufunika kudziwa kumene muli, itsekereni location. Ndipo muzisaka dala zothandiza: nyengo, mwera, mitengo ya nsomba, ntchito zamanja. Makinawa amaphunzira kwa inu, choncho aphunzitseni zanzeru.

Tumizirani mng'ono wanu amene wangogula foni.