Jakisoni wa pamsana: mafunso athu afike kwa ofufuza

Amayi anzanga, ambiri mwa inu mukumudziwa jakisoni wa pamsana. Ena munabayidwa pochira kudzera pa opaleshoni, ena munadikirira mwana wanu kapena mpongozi panja pa fiyeta. Mayi amakhala tsonga atawerama, adokotala ogonetsa n'kulowetsa singano yopyapyala pakati pa mafupa a msana, ndipo pakapita mphindi zochepa thupi limachita dzanzi kuyambira pachifuwa mpaka kumapazi. Mayi amakhala ali maso, akupuma yekha, ndipo amamva kulira koyamba kwa mwana wake. Njirayi ndi yakale. Dokotala wa ku Germany, August Bier, anayiyesa koyamba mu 1898, ndipo iye mwini atabayidwa anagona masiku angapo ndi litsipa loopsa.

Akatswiri akufufuzabe njira zotere, zochititsa dzanzi mbali imodzi ya thupi popanda kumugonetsa munthu. Koma ndalama za kafukufuku n'zochepa kulikonse, choncho pamakhala anthu osankha mafunso oyenera kuyamba. Maganizo anga ndi akuti posankhapo pazimveka mawu a amayi amene singanoyo imalowa pamsana pawo.

Kwina zikuchitika kale. Ku Britain kuli bungwe la James Lind Alliance, lomwe linayamba mu 2004. Limasonkhanitsa odwala, owasamalira ndi achipatala, aliyense n'kupereka funso lake. Mafunso amene ali kale ndi mayankho amachotsedwa, otsalawo n'kuwasanja mpaka atagwirizana pa khumi ofunika kwambiri. Mu 2015 anachita zimenezi pa nkhani ya kugonetsa odwala ndi chisamaliro cha nthawi ya opaleshoni. Njirayo ndi yabwino, koma mndandanda wawo sungalowe m'malo mwa wathu, poti zipatala zawo ndi zathu n'zosiyana kutali.

Mu 2019 panatuluka kafukufuku wa m'mayiko 22 a mu Africa, amene anapeza kuti mayi wa kuno wochira pa opaleshoni ali pa chiopsezo cha imfa chochuluka pafupifupi ka 50 kuposa mnzake wa kumayiko olemera. Kuno kwathu, kafukufuku wofalitsidwa mu 2003 anaona maopaleshoni 8,070 m'zipatala 25 za m'Malawi. Amayi 85 anamwalira, ndipo 65 mwa iwo anamwalirira kuwodi opaleshoni itatha kale. Ziwerengerozi n'zakale ndithu, koma zikutionetsa pamene maso ayenera kuloza: pabedi la kuwodi, usiku, dzanzi likutha, namwino ali mmodzi odwala ali mbwee.

Ife azamba tili ndi mafunso athu. Jakisoniyu amatsitsa BP mwadzidzidzi, nanga njira yabwino yotetezera mayi wofika atataya kale magazi ndi iti, kuchipatala kumene wogonetsa ali yekha? Pali jakisoni wina wobaya m'mbali mwa mimba wochepetsa ululu wa bala. Kodi angathandize bwanji kumalo opanda makina ounikira poyenera kubaya?

Koma pali mafunso ena amene ife sitingawadziwe bwino ngati inu. Litsipa lija la Bier likadalipo. Limakula mayi akadzuka, n'kuchepa akagona chagada, ndipo nthawi zina limapitirira mayi atatuluka kale m'chipatala. Amatani kumudzi, mwana ali pabere, chipatala chili kutali? Nanga msana? Amayi ambiri amaopa jakisoniyu poti anamva kuti msana sudzakhalanso bwino. Kafukufuku wa kunja sanapeze kuti amasiya vuto lokhalitsa la msana, komabe mayi wa kuno amabwerera ku khasu, ku mtondo ndi ku ndowa ya pamutu bala lisanapole bwino. Kumangomuuza kuti ndi mphekesera sikumukhutiritsa, ndipo ine sindimudzudzula. Pafunika kuwatsatira amayi athu omwe kwa miyezi ingapo, kuti yankho tizilipereka ndi umboni wochokera pakati pawo.

Funso limene limandivutitsa kwambiri ndi ili. Nthawi zina jakisoni sagwira mokwanira ndipo mayi amamva ululu opaleshoni ili mkati. Ife tinalangizidwa kuti mayi wolimba salira pochira. Ndiye ndi angati amaluma mano pathebulo paja osanena kanthu? Wogonetsa afunse motani, ndi mawu ati, kuti mayi amasuke kunena? Funso lotere silifuna makina odula. Limafuna amayi ovomera kufotokoza zomwe anamva.

Choncho pa msonkhano wanu wotsatira patulani kanthawi. Amene anabayidwapo jakisoniyu, ndi amene anadikirirapo wodwala, anene zomwe akanakonda kudziwa ndi zomwe zinawasautsa. Mlembi alembe popanda kutchula mayina, ngakhale funso looneka ngati lachibwana. Kalatayo ipite ku komiti yoimira anthu pachipatala chanu, kwa a metroni, kapena ku koleji ya anamwino yomwe muli nayo pafupi, kumene aphunzitsi ndi ophunzira amasaka mitu ya kafukufuku chaka ndi chaka. Ndipo ofufuza akadzabwera ndi fomu kuti musayine, afunseni kaye kuti funso lawolo anasankha ndani, komanso kuti zotsatira zake adzabwera liti kudzakuuzani.