Musandiuze za Makilomita, Ndiuzeni za Mawiketi

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino mundipirire, ndabwera ndi nkhani ya kiriketi. Ndikudziwa ena mwayamba kale kuseka kuti mayi wogulitsa zitenje mumsika wa Kasungu ndi kiriketi zikumana pati. Ndinakhalapo zaka zinayi ku Benoni, ku Joni, ndikugwira ntchito ya m'nyumba. Bwana wanga anali gogo wopuma pantchito amene ankatha masiku asanu ali pa TV, ine ndikusita zovala chapambali. Poyamba ndinkati awa ndi masewero a anthu osowa chochita. Pobwerera kumudzi ndinali nditawamvetsa, ndipo matendawa ndinamupatsira mwana wanga wamwamuna.

Mwanayo ali ndi zaka 14. Amaponya mpira wa tenisi wokulunga tepi kuseri kwa chigafa cha agogo ake. Mwezi watha ndinamulipirira thiransipoti kuti akayesedwe kutauni. Mphunzitsi wina anamuona akuponya mipira khumi ndi iwiri yokha, n'kumuuza kuti alibe liwiro, akayese zina. Chibwerereni mwanayo akungoponya ndi mphamvu zonse, mpira ukuthera kutchire, usiku akudandaula msana. Ndiye lero ndikufuna ndikangane ndi mphunzitsiyo, komanso nanu nonse amene mumaganiza kuti woponya wabwino ndi amene mpira wake umathamanga kwambiri.

Kwa amene simuitsata, ndifotokoze pang'ono. Masewero a Test amatha masiku asanu. Woponya amaponya mipira sikisi, imeneyo ndi ova imodzi, ndipo pa tsiku amayenera kuponya maova 90. Mpira ndi wachikopa, wofiira, uli ndi msoko pakati, ndipo watsopano amaupereka pakatha maova 80. Ntchito ya woponya ndi kutulutsa womenya, kumene timati kutenga wiketi. Timu imene yalephera kutulutsa anzawo kawiri konse nthawi zambiri siipambana. Pamapeto palibe amene amawerenga makilomita. Amawerenga mawiketi, ndi maranzi amene mwaluza kuti muwapeze.

Tiyambe ndi amene okonda liwiro mumamutchula nthawi zonse, Shoaib Akhtar wa ku Pakistan. Mu 2003, ku Cape Town, anaponya mpira wothamanga makilomita 161.3 pa ola. Zoopsa ndithu. Koma pa Test anasewera magemu 46 okha, mawiketi 178, chifukwa mawondo ankangomuvuta. Shaun Tait wa ku Australia nayenso anapitirira 160. Magemu a Test anasewera atatu, mawiketi asanu. Asanu, abale.

Tsopano taonani anthu awiri a timu imodzi, oponya pa bwalo limodzi, dzuwa limodzi. Brett Lee anali wamoto, Glenn McGrath anali wodekha moti liwiro lake silinkaopsa munthu. Lee anatenga mawiketi 310, wiketi iliyonse ikumudyera maranzi pafupifupi 31. McGrath anatenga 563, iliyonse maranzi osakwana 22. Ine ndi wamalonda, ndimadziwa kuti katundu yemweyo wina akaoda pa 31 wina pa 22, wochenjera ndi uti.

Mukati awo ndi akutali, tibwere kuno kwathu. Vernon Philander wa ku South Africa ankaponya chapakati pa 125 ndi 130, liwiro limene mphunzitsi uja akanamubweza nalo pageti. Gemu yake yoyamba, mu Novembala 2011 ku Newlands, anatenga mawiketi asanu pa maranzi 15, Australia yonse n'kuthera pa 47. Magemu asanu ndi awiri oyamba anali atafika kale mawiketi 50. Anamaliza ndi 224 pa magemu 64. Ku Zimbabwe nakonso, Henry Olonga, wobadwira ku Lusaka, munthu wakuda woyamba kusewerera dzikolo Test mu 1995, ankathamangitsa mpira kuposa Heath Streak. Olonga anatenga 68 pa magemu 30, Streak 216 pa magemu 65. N'zoona kuti Olonga anasiya msanga atavala kansalu kakuda pamkono mu 2003 potsutsa ulamuliro wa Mugabe, ndipo pa chimenecho ndimamuvulira chipewa. Koma werengani pa gemu iliyonse, muona kuti Streak anali patsogolobe.

Nanga chimatulutsa womenya n'chiyani?

Choyamba ndi malo amene mpira ukugwera. Pali kamalo, mamita sikisi kapena seveni kutsogolo kwa timitengo, kamene mpira ukagwerapo womenya sadziwa kuti apite kutsogolo kapena abwerere m'mbuyo. Mpirawo ukalunjikanso chapafupi ndi kamtengo kakunja, sadziwa ngati aumenye kapena ausiye. McGrath ankagwetsera pomwepo m'mawa mpaka madzulo. Womenya amapirira ola limodzi, awiri, kenako mtima umamuthawa, n'kutambasula thabwa pa mpira wosayenera, wagwidwa kumbuyo.

Chachiwiri ndi kukhotetsa. Msoko uja ukaima bwino pochoka m'manja, mpira umakhota uli m'malere, kapena umapatuka pang'ono ukagunda pansi. Thabwa la womenya m'lifupi mwake ndi masentimita osakwana 11. Mpira ukangosuntha zala ziwiri, wagunda m'mphepete. Ndiyo inali ntchito ya Philander, ndiyonso ya James Anderson wa ku England. Wasim Akram ndi Waqar Younis ankakhotetsa ngakhale mpira wakale, wonyezimira mbali imodzi, wokhakhala mbali inayo. Zimenezi zimachokera pa dzanja ndi zala, ndipo zimaphunziridwa kwa zaka.

Chachitatu ndi thupi lopirira. Anderson anasewera magemu 188, mawiketi 704, anapuma mu Julaye 2024 ali ndi zaka 41. Makhaya Ntini anali mnyamata woweta ng'ombe m'mudzi wa Mdingi ku Eastern Cape. Anasewera magemu 101, mawiketi 390, ndipo mu 2003 anatenga khumi pa gemu imodzi ku Lord's. Chimene makaputeni ankamukondera n'choti ukamupatsa mpira folo koloko, dzuwa likuswa mtengo, anzake atatheratu, iye ankabwerabe akuthamanga ngati m'mawa. Ife a kuno kufodya timazidziwa izi. Tenanti amene amalima mothamanga sabata yoyamba n'kugona mu Febuluwale, nthawi yothyola ndi kusoka, safikitsa belo ku Chinkhoma.

Ndikudziwa zimene mukufuna kundiponyera m'makomenti: nanga Dale Steyn, nanga Kagiso Rabada? Ndikuvomera, ndipo sindibisa. Pali mabwalo ouma, makamaka ku India ndi Pakistan, kumene mpira sukhota pansi, ndipo woponya wodekha amangosanduka ndiwo. Kumeneko liwiro limathandiza. Steyn anatenga mawiketi seveni pa maranzi 51 ku Nagpur mu 2010, pa bwalo lotere. Koma kaoneninso gemuyo. Mpira unkathamanga, inde, komanso unkakhota mochedwa n'kulunjika pa timitengo. Rabada, amene anatenga mawiketi naini pa fainolo ya Juni 2025 ku Lord's pamene South Africa inagonjetsa Australia, amathamangitsa mpira ali ndi malo ake amene akuugwetsera. Liwiro likapeza zitatu zija zilipo kale, munthu amakhala Steyn, wa mawiketi 439. Likabwera lokha, amakhala Tait. Ndiye musandinamize kuti liwiro ndiye maziko. Ndipo mwa zonsezi, liwiro ndi limene mwana wa zaka 14 sangalikakamize, chifukwa mafupa sanakhwime. Oponya achichepere ambiri amang'aluka fupa la msana chifukwa cha zomwezi, n'chifukwa chake ku England kuli malamulo oletsa ana kuponya maova ambiri motsatizana.

Wina anena kuti mayi inu mukuvutikiranji, Malawi sasewera Test. Zoona. Mayiko a Test alipo 12, mu Africa ndi South Africa ndi Zimbabwe basi. Ife timasewera ya T20, imene ICC inayamba kuiwerengera mayiko onse mu 2019, chaka chimene tinakumana ndi Mozambique mu Kwacha Cup. Mu T20 woponya amapatsidwa maova anayi okha, mipira 24, ndipo n'zosavuta kuganiza kuti ingoponya mwamphamvu uzipita. Koma ngakhale kumeneko, mpira wothamanga wogwera polakwika umangofika msanga kumalire. Dziko losauka ngati lathu lilibe madokotala a osewera, lilibe makina ounikira msana wa mwana aliyense. Tikathyola ana ochepa amene akonda masewerowa, otsalawo tiwatenga kuti? Chimene tingaphunzitse popanda ndalama ndi malo ogwetsera mpira, kagwiridwe ka msoko, ndi kupirira. Chodabwitsa n'choti zotchipazo ndi zimene zimatenga mawiketi.

Ine mwana wanga ndamuikira chivundikiro cha ndowa pansi, masitepe seveni kuchokera pa timitengo ta bulugamu timene anakhoma yekha. Akachigunda kanayi pa mipira sikisi, Loweruka ndimamugulira chipisi. Sabata yoyamba sanadye. Sabata yatha wadya, ndipo za msana wasiya kudandaula. Kaya adzafika patali kaya ayi, sindine mneneri. Koma sindilola kuti munthu amene anamuona mipira khumi ndi iwiri amuuze kuti ndi wachabe.

Kwa inu aphunzitsi a masewero, ngati muli muno kapena wina akutumizirani: mwana akabwera, muponyetseni maova asanu, muone kuti mipira ingati yagwera malo amodzi. Muone ngati msoko ukuima. Mubwerenso naye mawa lake muone ngati akuthabe. Kuthamanga sikufika, akulu ananena kale, ndipo sankadziwa n'komwe za kiriketi.

Amene muli ndi manambala otsutsa anga, bweretsani. Ndikhala pa benchi langa mpaka sikisi koloko, bandulo ndagula ya sabata yonse.