Ntchito ikathera panjira, abweze ndani zobwereka? Mkangano wa mu Linux

Foni iliyonse ya Android imayendera kernel ya Linux, pulogalamu imene imagawa memori ndi kulamulira zida za mkati mwa makina. Mbali yaikulu ya kernel imeneyi inalembedwa m'chinenero cha C, ndipo mu C mulibe wokutolera zimene wasiya. Chimene watenga, ubweze wekha.

Titenge kachigawo kamodzi ka driver, pulogalamu yoyendetsa chida. Kapempha memori ndi kmalloc, katseka loko ndi mutex_lock, kenaka kakuyesa kulembetsa chida koma zakanika. Ziwiri zoyamba zija ziyenera kubwezedwa, kuyambira chimene chinatengedwa pomaliza. Zili ngati munthu amene wabwereka mipando kwa aneba ndi mapoto kutchalitchi pokonzekera chinkhoswe, mwambo n'kulephereka tenti asanaitenge: abweze zokhazo zimene anatengadi, chilichonse kwa mwini wake, kamodzi kokha. Memori ikaiwalika, imanka itha mpaka makina kulemedwa. Loko ikaiwalika, aliyense woifuna amadikira mpaka kalekale, makina n'kuuma. Kubweza kawiri ndiye koopsa, chifukwa akuba a pakompyuta amapezera pomwepo polowera.

Kwa zaka zambiri yankho la olemba Linux lakhala goto, lamulo louza pulogalamu kudumphira pamzere wina. Mu 1968 Edsger Dijkstra analemba kalata yotchuka yodzudzula lamuloli, ndipo mpaka lero ophunzira ambiri amauzidwa kulipewa. Koma malangizo a kalembedwe ka kernel amalilola pantchito iyi. Kumunsi kwa kachigawo kaja kumaikidwa zizindikiro zondondozana, monga err_unlock ndi err_free. Chikakanika chinthu, pulogalamu imadumphira pachizindikiro choyenera n'kutsika nazo, kubweza chimodzichimodzi mpaka kutuluka.

Ubwino wake ndi woti zonse zili poyera. Woyendera ntchitoyo amaloza ndi chala: ichi chatengedwa apa, chabwezedwa apo. Vuto n'loti mizere imeneyi siyendedwa kawirikawiri. Memori sikutha tsiku ndi tsiku, choncho goto imodzi yoloza chizindikiro cholakwika ikhoza kukhala zaka osaonekera. Wina akaonjezera chobwereka chatsopano pakati, ayenera kukonzanso kudumpha konse kwa pansi pake, ndipo munthu wotopa amaphonya. N'chifukwa chake pali zida zosakira zolakwika monga Smatch, yolembedwa ndi Dan Carpenter, zimene zimatulukira zotere kawirikawiri.

Njira ina inalowa mu 2023 ndi Linux 6.5, kudzera mu cleanup.h ya Peter Zijlstra. Polemba guard() kapena __free(), wolemba amanena kamodzi, potenga pomwepo, mmene chinthucho chidzabwezedwere, ndipo compiler, pulogalamu yomasulira zolembedwazo kuti makina azimve, kaya GCC kaya Clang, imachibweza yokha paliponse pamene pulogalamu yatulukira. Chinenero cha Rust, chimene chinayamba kulowa mu Linux 6.1 mu 2022, chimachita zimenezi mwachibadwa. Oikonda njirayi akunena zomveka: kuiwala kutsegula loko kumatheratu, ndipo mizere imachepa.

Koma otsutsa nawonso sakulankhula zopanda pake. Kubweza kukabisika, wowerenga ayenera kukusunga m'mutu. Dongosolo lobwezera limatsata mmene zinthu zinalembedwera pamwamba, ndiye kungosinthanitsa mizere iwiri kungachititse kuti loko itsegulidwe chimene imateteza chisanabwezedwe. Palinso msampha wina. Nthawi zambiri memori ija siyoti ibwezedwe ntchito ikayenda bwino, ndi yoti iperekedwe kwa amene anaipempha. Wolemba akaiwala no_free_ptr() kapena return_ptr(), amapereka memori yobwezedwa kale, ndipo cholakwika chasamukira panjira imene aliyense amadutsa. Oyang'anira gawo la netiweki mu kernel analemba m'malangizo awo kuti salimbikitsa kugwiritsa ntchito __free() mwachindunji m'gawo lawo, ngakhalenso guard() m'zigawo zopitirira mizere 20. Malangizo a cleanup.h eni ake amachenjeza kuti tisasakanize goto ndi njira yatsopanoyi m'kachigawo kamodzi.

Ine ndikuona kuti pa loko ndi memori yongogwiritsa ntchito kanthawi, njira yatsopanoyi yapambana, ndipo kuikana ndi kukakamira chizolowezi chabe. Munthu asamasenze ntchito imene makina amaichita mosaphonya. Koma pamene chida chiyenera kuzimitsidwa motsatira ndondomeko yake, kapena pamene umwini wa chinthu ukusintha manja pakati pa ntchito, ndikufuna kuona kubweza kulikonse ndi maso anga, ndipo goto amandipatsa zimenezo. Chimene ndikutsutsa kwambiri ndi changu chofuna kulembanso zigawo zakale zimene zikuyenda bwino pongofuna kuti zioneke zamakono. Kusintha kulikonse kotere kumadya nthawi ya oyendera ntchito, amene ndi ochepa kale, ndipo kumakhudza mizere imene ndi yovuta kuiyesa popanda kulepheretsa dala kmalloc kuti tione chimene chichitike.