Kanyumba kakuseri kasanduka munda

Kale kanyumba kapambali pa nyumba ya makolo kanali gowelo, mogona anyamata akasinkhuka, kapena kuka, komwe atsikana ankagona ndi agogo awo. Lero kuno kwa Mpama, m'boma la Chiradzulu, anthu akumanga tinyumba totere pofuna lendi.

Sindikuwadzudzula. Minda kuno inachepa, ana aakazi angapo akugawana kandime kamodzi ka mayi awo. Feteleza naye anakwera mtengo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chimanga timakolola kamodzi pachaka, pomwe kanyumba ka zipinda ziwiri kamabereka mwezi ndi mwezi.

Olowamo ndimawadziwa: aphunzitsi anzanga osowa nyumba pasukulu, ogwira ntchito ku Limbe othawa lendi ya m'tauni, komanso ophunzira a sekondale yoyendera amene kwawo n'kutali. Nkhawa yanga ili pa anawa, makamaka atsikana. Wogona m'kuka anali ndi womuyang'anira. Wa lendiyu amakumbukiridwa pakutha pa mwezi basi. Ndaona atsikana anzeru akusiya sukulu ali Folomu 3 kaamba ka mimba yotengera m'tinyumba timeneti.

Tsono eni nyumba, mangani, koma mangani molimba. Namondwe wa Freddy anationetsa mu Malichi 2023 mmene makoma ofooka amagwera. Ikani chitseko chokhoma, kumbani chimbudzi, ndipo dziwani makolo a mwana amene mwamulandira. Mukalandira ndalama yake, mwalandiranso udindo womulera.