Pakhonde ndi Azakhali: Maiko awiri tsiku limodzi, tipite kapena ayi?

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 32, ndili pabanja ndipo tili ndi ana awiri, wamkazi wa zaka 8 ndi wamwamuna wa zaka 3. Ine ndi bambo akunyumba timagwira ntchito kuno ku Manchester, ine ya unamwino, iwo pa kampani ina yonyamula katundu. Chilowereni m'banja zaka 10 zapitazo sitinapiteko kokayenda ngati banja. Ndalama zonse zimathera lendi, fizi ya abale kumudzi ndi nyumba imene tikumanga ku Lilongwe. Chaka chino tidagwirizana kuti ana akatsekera sukulu mu Julaye tikapume masiku anayi mumzinda wa Milan, ku Italy.

Vuto labuka pa tsiku limodzi mwa masiku anayiwo. Abambo apeza kampani imene imanyamula alendo pa basi kuchokera ku Milan m'mamawa, kukawaonetsa tawuni ya Como, kenako Bellagio pa boti, n'kuwolokera ku Lugano m'dziko la Switzerland, madzulo n'kubwerera. Akuti ulendo wonse ndi wa maola 11 ndipo tonse anayi tilipire mayuro pafupifupi 350, nkhomaliro tikadzionere tokha. Iwo akuti mwayi wotere subwera kawiri, tikaponda maiko awiri tsiku limodzi, komanso anzawo akuntchito adapita kale. Ine ndikuona kuti ndalamazo n'zambiri, zikadagula matumba a simenti, ndiponso wamng'onoyu sakhazikika m'galimoto ngakhale mphindi 20. Ndikatero akuti ndine woumira, sindifuna kuti iwo asangalaleko. Yatha sabata tsopano tikungotumizirana mawu kudzera mwa ana. Kodi ndalakwa? Ndithandizeni, nditani?

M.K., Manchester

Zikomo mayi M.K.,

Poyamba ndikuyamikireni nonse awiri poganiza zokapuma pamodzi ndi ana. Mabanja ambiri kunjako amangokhalira mashifiti, wina akulowa wina akutuluka, mpaka ana kukula osadziwa kuti bambo ndi mayi awo amathanso kuseka. Ndiye nkhani ya simenti ija iikeni kaye pambali, mwana wanga. Zopita mudagwirizana kale, ndipo mukamatchula simenti pa chilichonse abambo azimva ngati mukuwaimba mlandu wosakaza chuma. Tiyeni tione chimene mayuro 350 amenewo akukugulirani, ndiponso ngati chikuyenera banja lanu mmene lililimu.

A kampaniwo tisawanyoze, chimene amagulitsa chilipo ndithu. Amakuchotserani mutu wofufuza matikiti, nthawi za maboti ndi kufunsa njira m'Chitaliyana. Mu Julaye ndi Ogasiti alendo amachuluka kwambiri ku nyanja ya Como, mizere yogulira matikiti a boti imatalika, ndiye kukhala ndi wokutsogolerani kumathandiza. Amakufotokozeraninso mbiri ya malo, monga yakuti tchalitchi chachikulu cha ku Como adayamba kuchimanga mu 1396 ndipo ntchito yake idatenga zaka zoposa 300. Kwa anthu awiri opanda ana, amene ali ndi tsiku limodzi lokha, ulendo wotere ndi wabwino ndipo ndikadawauza kuti pitani.

Koma inu muli ndi mnyamata wa zaka 3, choncho werengani maolawo bwinobwino. Kuchoka ku Milan kufika ku Como ndi makilomita pafupifupi 50. Kuchoka apo misewu ya m'mbali mwa nyanja ndi yopapatiza komanso yokhotakhota, mukakumbuka wa ku Chiweta mwayandikira, ndipo mwana amene amachita nseru m'galimoto akavutika. Madzulo pali ulendo wina woposa ola wochoka ku Lugano kubwerera ku Milan. Mukaphatikiza, mupeza kuti maola ambiri mwathera pampando. M'tawuni iliyonse nthawi zambiri amakupatsani ola limodzi kapena awiri, ndipo m'nthawi yomweyo mufune chimbudzi, mudyetse ana, mujambulitse, n'kuthamangira pamalo okumanira. Basi ili ndi anthu ena ambiri, singadikire mwana amene wagona kapena wadzithira ayisikilimu. Paja akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Dziwaninso mmene Bellagio idakhalira. Nyanja ya Como ili ngati mphanda ya legeni yozondoka, ndipo tawuniyi ili pakati penipeni pamene nthambi ziwirizo zakumana. N'chifukwa chake ndi yokongola chotere. Koma idamangidwa pachitunda, tinjira take tambiri ndi masitepe amiyala okhaokha. Chikuku cha mwana chikakusandukirani katundu. Musaiwale chitenje, chifukwa akatopa mnyamatayo ndi kumsana basi.

Tsono za Switzerland zimene zawatenga mtima abambo. Lugano ndi mzinda waukhondo wa m'mbali mwa nyanja ina, m'chigawo cha Ticino, ndipo anthu ake amayankhula Chitaliyana chomwecho. Kuli paki yaulere ya Parco Ciani, msewu wa masitolo odula wa Via Nassa, ndi tchalitchi cha Santa Maria degli Angioli mmene muli chithunzi chachikulu cha imfa ya Yesu chimene Bernardino Luini adajambula pakhoma mu 1529. Ndi malo oyenera kuwaona, koma osati mothamanga ana atatopa kale. Dzikolo silili mu European Union ndipo ndalama yake ndi franc. Masitolo ena amalandira mayuro koma chenji amakupatsani cha ma franc, pamtengo wowakomera iwo. Chakudya n'chodula kuposa ku Italy, Lamulungu masitolo ambiri amakhala otseka, ndipo foni yanu ikangolumikizana ndi netiweki ya kumeneko bilu ikhoza kukudzidzimutsani ngati simudafunse kaye kampani yanu. Ngati abambo akuyembekeza chidindo cha Switzerland m'pasipoti choti akaonetse anzawo, auzeni kuti sachipeza. Kuyambira mu Disembala 2008 dzikolo lili m'gulu la maiko a Schengen, ndiye pamalire ake ndi Italy sadinda. Komabe mapasipoti a nonse anayi muyende nawo, apolisi amatha kukwera basi kapena sitima n'kufunsa.

Malangizo anga ndi akuti sankhani nyanja imodzi, mupite nokha pa sitima yapamtunda. Kuchokera pa siteshoni ya Milano Cadorna pali sitima yofika pa Como Lago, pafupi penipeni ndi madzi, ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Tikiti ya sitima wamba siifika mayuro 10 munthu wamkulu, ndipo mwana wosakwana zaka 4 salipira. Ku Como kuli kasitima kokokedwa ndi chingwe kokwera phiri kupita ku Brunate, kadayamba kuyenda mu 1894, ndipo m'mphindi 7 mumakhala mwafika pamwamba nyanja yonse mukuiona pansi. Ana amakondwa nako kuposa mbiri iliyonse. Mtsikana wanuyo mukamuonetse Tempio Voltiano, nyumba yokumbukira Alessandro Volta, mbadwa ya ku Como amene adatulukira batire cha m'ma 1800. Akabwerera kusukulu adzakhala ndi chofotokoza. Kenako kwerani boti kaulendo kakafupi kopita ku Cernobbio n'kubwerera. Ngati mtima uli pa Bellagio, kwerani sitima pa Milano Centrale mukatsikire pa Varenna-Esino, nawonso ndi ulendo wa pafupifupi ola, ndipo kuchokera ku Varenna boti limawoloka m'mphindi pafupifupi 15.

Abambo asadandaule kuti Switzerland yawapita. Kuchokera pa siteshoni ina ya ku Como, ya San Giovanni, malire a ku Chiasso ali pafupi kwambiri ndipo sitima imafika ku Lugano pasanathe ola. Mukaona masana kuti ana akadali ndi mphamvu, wolokani. Mukaona kuti afooka, bwererani ku hotela, palibe ndalama imene mwataya. Mukhozanso kuipatsa Lugano tsiku lakelake, poti muli ndi masiku anayi.

Kuyenda nokha kuli ndi zake zofunika kusamala. Tikiti yapepala ya sitima wamba muidinditse pa kamakina ka pa siteshoni musanakwere, apo ayi alipitsa chindapusa. Onani nthawi ya boti lomaliza musanawoloke. Funsani ku hotela ngati tsikulo kuli sitiraka ya ogwira ntchito za masitima, chifukwa ku Italy zimachitika ndipo amalengezeratu. Chachikulu, musaiyese nyanjayi ngati ya ku Senga Bay kumene mwana amasewera pamchenga madzi akumulekeza m'mawondo. Nyanja ya Malawi ndi yaikulu kuiposa pafupifupi ka 200, koma ya Como njozizira, kuya kwake kumapitirira mamita 400, ndipo malo ambiri kuyako kumayambira pagombe pomwepo. Mnyamatayo asachoke m'dzanja lanu.

Nkhani ya viza simudaitchule, koma ndiyo yoyamba. Ngati muli ndi mapasipoti a Malawi, chilolezo chanu chokhalira ku Britain sichikulowetsani ku Italy. Mufunika viza ya Schengen, yopempha ku ofesi yoimira dziko la Italy poti n'kumene mukakhale masiku ambiri, ndipo yomweyo ndi yolowera ku Switzerland. Kuyambira mu Juni 2024 munthu wamkulu amalipira mayuro 90, mwana wa zaka 6 mpaka 11 mayuro 45, wosakwana zaka 6 salipira. Kwa inu ndi mayuro 225, osawerengera ndalama ya ofesi yolandira mafomu ndi inshuwalansi ya chipatala imene amafuna. Musalipire ulendo uliwonse wosabwezetsa ndalama viza isanatuluke.

Pomaliza, zotumizirana mawu kudzera mwa ana zithe lero. Ana si amtengatenga a mkangano wa makolo. Akagona usiku uno, tengani pepala, mbali ina mulembe zonse zimene mudzawononge pa basi ya kampani, mbali ina za pa sitima, muwerengere limodzi. Yambani ndi kuwathokoza kuti adaganizira zokusangalatsani, chifukwa mwina chawapweteka n'chakuti adabwera ndi nkhani yabwino n'kulandiridwa ndi simenti. Ndipo inu bambo, ngati mukuwerenga, mkazi amene amawerengera ndalama si mdani wanu. Amene adzabereke mwana pamasitepe a ku Bellagio ndi iyeyo, ndiye mawu ake amveke. Ntchito yofufuza nthawi za sitima ndi maboti itengeni ndinu, mukhale wotsogolera alendo wa banja lanu.

Zikomo Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 29, ndikumaliza maphunziro mumzinda wa Bergamo, ku Italy, kumene ndikukhala ndi mkazi wanga. Apongozi anga, bambo ndi mayi, akubwera kuchokera ku Balaka kudzaonerera mwambo wolandira digiri yanga, ndipo viza yawo yatuluka kale. Ndikufuna kuwalemekeza powalipirira ulendo wa basi wa tsiku limodzi woona Como, Bellagio ndi Lugano. Koma apongozi aamuna ali ndi zaka 67 ndipo bondo limawavuta. Komanso chilolezo changa chokhalira kuno chidatha, ndidapempha chatsopano ndipo pakadali pano ndili ndi lisiti chabe la ku positi ofesi. Viza yawonso ndi yolowera kamodzi. Kodi tingawoloke popanda vuto?

C.P., Bergamo

Zikomo achimwene,

Mwachita bwino kufunsa, paja safunsa adadya phula. Apongozi anu, ngati pa viza yawo padalembedwa kuti ndi ya maiko a Schengen osati ya Italy yokha, akhoza kuwoloka. Kulowera kamodziko kusakuopseni, chifukwa kuchoka ku Italy kupita ku Switzerland sikutuluka m'gulu la Schengen. Amene muli ndi vuto ndinu. Lisitilo limakulolani kukhalabe ku Italy mukudikira khadi yatsopano, koma silitengedwa ngati chilolezo choyendera maiko ena a Schengen. Taganizani manyazi ake, apolisi akukutsitsani m'basi apongozi akuonerera. Kafunseni ku Questura kumene mudapereka pempho lanu, ndipo khadi ikapanda kutuluka nthawi yake, Lugano muiiwale kaye. Muonenso mapepala a akazi anu.

Kwa anthu achikulire basi ya kampani ikhoza kuthandiza, chifukwa palibe kuthamangira sitima kapena kusinthasintha. Funani ulendo wothera mbali ya Italy yokha, wa malo awiri osati atatu. Musanalipire funsani mafunso awa: wotsogolera ayankhula Chingerezi? Tikiti ya boti ili m'mtengo womwewo? Kuyenda pansi n'kotalika bwanji, nanga masitepe ndi ochuluka motani? Wina akadwala, ndalama amabweza mukawauza kutatsala maola angati? Ku Bellagio abambowo asakwere zitunda, akhale m'munsi m'mbali mwa madzi mmene muli posalala, amwe tiyi akuona maboti. Musaiwalenso kuti kufupi ndi kwanu ku Bergamo kuli nyanja ya Iseo, yokhala ndi matawuni ngati Sarnico ndi Lovere, kumene mungapite ndi kubwerako dzuwa likadalipo. Koposa zonse afunseni eni akewo kudzera mwa mwana wawo. Apongozi sangakuuzeni pamaso kuti atopa, angopirira, ndiye mkazi wanu ndi amene angamve zoona zake.

Kwa inu nonse owerenga amene muli ndi nkhawa za m'banja, za ana kapena za chibwenzi, pitirizani kundilembera. Dzina lanu sitilitulutsa mukapanda kufuna. Tikumanenso pakhonde pano Lamulungu likudzali.

Azakhali