MADZI OKOMA NDI MADZI ABWINO KU MANGOCHI

Mlendo wofika m'tauni ya Mangochi sangaganize kuti anthu a kumeneko ali ndi vuto la madzi, pakuti kumpoto kuli Nyanja ya Malaŵi, kumwera kuli Malombe, ndipo mtsinje wa Shire ukudutsa pomwepo usana ndi usiku. Komabe m'madera ena a tauniyi ndi m'midzi yoizungulira amayi amalambalala mjigo woyandikana ndi nyumba zawo napita kukatunga kumtsinje kapena kunyanja. Mukawafunsa amayankha kuti madzi a pamjigo ngoipa: sopo sachita thovu, nyemba zimachedwa kupsa, ketulo imamanga zoyera pansi, ndipo tiyi sakoma.

Amayiŵa sakunama, ndipo akuluakulu amene amafulumira kuwanena kuti ndi osamva ayenera kuyamba amvetsa chimene chikuchitika. Madzi a pansi pa nthaka amakhala nthaŵi yaitali m'miyala, nasungunula michere iŵiri yotchedwa calcium ndi magnesium, imene ilinso m'laimu wopaka nyumba. Michere imeneyi ndiyo imagwira sopo kuti asachite thovu, ndiponso imalimbitsa khungu la nyemba mumphika. Zoyera za m'ketulo ndi laimu yemweyo, amene amatsalira madzi akaŵira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti michereyi ikapitirira mamiligalamu 200 pa lita imodzi imayamba kumanga m'mipope ndi m'ziŵiya, koma silinaike malire a zaumoyo pa iyo, popeza pa muyezo umene imapezeka m'madzi akumwa siidwalitsa munthu. Imawononga sopo ndi nkhuni, ndipo kwa banja losauka chimenecho si chinthu chochepa, koma siipha.

Madzi a m'nyanja ndi ofeŵa, okoma pakamwa, ndipo sopo amachita thovu msanga. Koma m'madzi omwewo anthu amasambamo, amachapiramo mateŵera, ndipo m'madooko ambiri mmene asodzi amagona mulibe zimbudzi zokwanira. Tizilombo ta kolera tilibe fungo kapena mtundu, ndipo lilime silingatizindikire. Mayi woima m'madzi mpaka m'mawondo kuti adzaze ndowa angatengenso likodzo, limene limaloŵera pakhungu kuchokera ku nkhono za m'mphepete mwa nyanja.

Kolera anaoneka koyamba m'dziko muno m'chaka cha 1973. Mliri wina unayamba ku Machinga m'mwezi wa Marichi 2022, tonse tikuona, nufalikira maboma onse, nupha anthu oposa 1,700 pofika m'chaka cha 2023. Boma la Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anali ndi odwala ochuluka koposa, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliri womwewo.

Sitikunena kuti mjigo uliwonse ndi wabwino. Pali mijigo imene madzi ake ndi amchere weniweni, wonga wa m'ndiwo, monga zidziŵikira bwino ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo madzi otere kuŵiritsa sikuwachotsa mchere. Palinso fluoride, amene akapitirira mamiligalamu 1.5 pa lita amathimbiriritsa mano a ana ngakhale madziwo akhale okoma. Zitsime zosazama za mumchenga nazo zimalandira zonyansa za m'zimbudzi nthaŵi ya dzinja. Zinthu zimenezi nzosiyana, ndipo chozisiyanitsa ndi kuyeza madziwo basi.

Apa ndiye pali pempho lathu kwa akuluakulu a khonsolo ndi a zamadzi. Mjigo usaperekedwe kwa anthu chifukwa chongoti watulutsa madzi ambiri pa tsiku la mwambo. Madzi ake ayezedwe, zotsatira zake ziŵerengedwe pamaso pa mfumu ndi komiti ya mjigo m'Chicheŵa ndi m'Chiyao, osati kutsekeredwa m'kabati ya muofesi. Ngati vuto ndi laimu chabe, anthu auzidwe momveka kuti amwe a pamjigo, ndipo ochapira atunge kumene afuna. Ngati ndi mchere wosamweka, tisadzinyenge poulemba m'mabuku kuti mudziwo uli ndi madzi. Mjigo wosiyidwa ndi eni ake suli kanthu koma chitsulo chozikidwa pansi. Malo otere afunika mipope ya madzi a m'nyanja oseferedwa ndi kuthiridwa klorini, imene ndi ntchito ya bungwe la Southern Region Water Board, pamodzi ndi malo ogulitsira madzi pa mtengo umene wogulitsa usipa angaukwanitse.

Aphunzitsi nawo ali ndi mbali yosalira ndalama. Mabotolo aŵiri, lina la madzi a mvula lina la pamjigo, ndi kachidutswa ka sopo, nzokwanira kuonetsa ana a Sitandade 6 chimene laimu amachita. Akaona thovu lija, afunsidwe ngati lauza munthu kanthu za tizilombo. Aphunzitsidwenso kuti madzi otunga kunyanja aŵiritsidwe kapena athiridwe klorini amene alangizi a zaumoyo amagaŵa, adikire mphindi 30 asanamwe, ndi kuwasunga m'chigubu chovindikira chimene sapisamo dzanja. Ndowa ya madzi akumwa ya pasukulu pomwepo ndiyo iyambe kutsata zimenezi mvula isanagwe.