Ndege sidikira operekeza

Chaka chilichonse pasukulu pano timaona anzathu akukwera ndege koyamba. Ena akupita kukapitiriza maphunziro ku Baraton m'dziko la Kenya, ena ku Philippines, ena apeza ntchito ya unamwino ku Britain, ena akungopita ku Johannesburg kukaona achibale patchuthi. Akabwerako, ambiri amasimba nkhani yofanana uku akuseka: mmene anathamangira pabwalo la ndege chikwama chili paphewa, thukuta lili kamukamu, kauntala itatsala pang'ono kutsekedwa. Nafe timaseka nawo chifukwa zinatha bwino. Amene zinawathera moipa sakonda kusimba. Amabwerera kunyumba madzulo a tsiku lomwelo ndi katundu yense, n'kukapeza anthu omwe anawatsanzika m'mawa akadali pakhonde.

Tikafunsitsa chimene chinawachedwetsa, msewu umatchulidwa ndithu, koma kawirikawiri mlandu waukulu umatsalira ife operekeza. Nkhani ino tikulembera wapaulendo, komanso makamaka makolo, amalume, azakhali, anzake a m'kalasi ndi abale a kumpingo amene amamuzungulira m'mawa wa tsiku la ulendo.

Ambirife tinakulira pa minibasi, ndipo minibasi inatiphunzitsa kuti nthawi yonyamukira ndi nkhani yokambirana. Imanyamuka ikadzaza. Ikayamba kuyenda, wina akabayibitsa dzanja akuthamanga, kondakitala amamenya chitseko dalaivala n'kuima, chifukwa munthuyo ndi ndalama. Ku ndege zinthu n'zosiyana pa chifukwa chosavuta kumva: ndalama yanu analandira kale. Mukatsala, kampani siluza kanthu. Ikakudikirani ndiye imaluza, chifukwa m'ndegemo muli anthu ena ofunika kukapeza ndege zina ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndipo kumeneko inapatsidwa nthawi yake yotera.

Chinanso chimene chimapusitsa ambiri ndi nthawi yolembedwa pa tikiti. Imeneyo ndi nthawi imene ndege imachoka, zitseko zitatsekedwa kale. Pa maulendo opita kunja, makampani ambiri amatseka kauntala yolandirira anthu ndi katundu kutatsala ola limodzi, ndipo amalangiza kufika kutatsala maola atatu. Ola limenelo ali nalo ntchito: amawerengera kulemera kwa anthu ndi katundu, kulongedza zikwama, ndi kutseka mndandanda wa okwera. Mukadutsa pakauntala pamatsalabe a Immigration odinda pasipoti ndi achitetezo osecha, kenako chipata chokwerera, chimene nachonso chimatsekedwa kutatsala mphindi 15 kapena 20. Munthu wofika kutatsala mphindi 40 amaiona ndege ili chiimire pabwalo, koma kwa iye inapita kale. Kuchonderera sikuthandiza kwenikweni, poti wapakauntala uja nthawi zambiri alibenso mphamvu yotsegula zimene zatsekedwa mu kompyuta.

Mtengo wa kuchedwako si wamasewera. Pa matikiti ambiri, ukaphonya ndege yoyamba osadziwitsa kampani, zigawo zotsala za ulendo zimafafanizidwa, ngakhale ulendo wobwerera. Matikiti otsika mtengo, amene ophunzira timagula, ndi omwenso amakhala ndi malamulo ouma pa nkhani yosintha tsiku kapena kubweza ndalama. Mitengo ya maulendo akunja imatsatira dola, ndipo tonse tikukumbukira kuti mu November 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndalama ya tikiti ya wophunzira sichokera m'thumba limodzi. Pamakhala mbuzi zogulitsidwa, ngongole ya kubanki m'khonde, chopereka cha achibale a ku Joni, mwinanso thandizo la mpingo. Ndiponso mabwalo athu si ngati OR Tambo kumene ndege ina imabwera posachedwa. Kuno njira zina zimakhala ndi ndege imodzi patsiku, zina masiku owerengeka pamlungu. Wophonya ndege ya Lachisanu angapeze kuti mpando wotsatira uli pa Sabata, ndipo pamenepo wadziika yekha pa chisankho chimene sakanakumana nacho akanadzuka msanga.

Tsono tiyeni tiwerengere chobwerera m'mbuyo, monga ayenera kuchitira aliyense wogwira tikiti. Tinene kuti wophunzira ali ku Ntcheu ndipo ndege yake ikunyamuka 2 koloko masana pa bwalo la Kamuzu. Ayenera kukhala atafika 11 koloko. Bwaloli lili ku Lumbadzi, pafupifupi makilomita 25 kumpoto kwa mzinda, kutanthauza kuti wochokera kummwera akafika mu Lilongwe ulendo sunathe. Patsala kuoloka mzinda wonse ndi kudutsa Kanengo, kumene malole amachulukana, makamaka nyengo yogulitsa fodya. Kuchokera ku Ntcheu kukafika mu Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 160. Pa galimoto yabwino, popanda chovuta, ndi maola awiri ndi theka kapena atatu. Pa minibasi onjezani kudikira kuti idzaze, kuima pa Lizulu anthu akugula kabichi ndi mbatatesi, kutsitsa ndi kukweza pa Bembeke, pa Dedza, pa Linthipe ndi pa Nathenje, mzere wa pa tollgate ya Kalinyeke, marodibuloko a apolisi, ndiponso mwayi woti akugulitseni kwa minibasi ina pakati panjira. Mukaphatikiza zonsezi, munthuyu ayenera kuchoka pakhomo isanakwane 6 koloko m'mawa, ndipo apo sitinaikepo tayala lophulika.

A kummwera asadzione ngati apulumuka. Kuchokera ku Makwasa kupita ku bwalo la Chileka mtunda ndi wamfupi ndithu, koma njira yake ndi yokhotakhota m'minda ya tiyi ya Thyolo, kumene chiperoni chikagwa dalaivala sathamanga, kenako Bvumbwe, kenako Limbe ndi Blantyre yense ndi kuthithikana kwake kwa m'mawa. Tinaonanso zaka zapitazi, kuyambira 2022, mmene mafuta amasowera mpaka galimoto kugona pamzere. Tinaona mu March 2023 namondwe Freddy akudula misewu ndi milatho m'chigawo chakummwera. Munthu amene ulendo wake wonse wadalira kuti tsiku limenelo pasakhale chovuta chilichonse pamsewu akuchita juga ndi ndalama za abale ake.

Koma tinene kuti msewu uli bwino, galimoto yabwerekedwa, mafuta athiridwa dzulo. Apa ndi pamene ife operekeza timalowerera. Mayi akuti mwana sangachoke ndi njala, ndiye nsima iphikidwe kaye. Amalume amene ayenera kupereka malangizo sanafike, akuti ali m'njira pa kabaza. Azakhali atulukira ndi jumbo la ufa, mtedza ndi usipa zoti zikaperekedwe kwa mwana wawo kunjako, ndiye chikwama chimene chinatsekedwa usiku chitsegulidwenso. Pemphero lotsanzikana, limene tonse timalifuna, limayamba ndi mawu ochepa a mkulu mmodzi, wachiwiri naye awonjezerepo, wachitatu sangatsale. Zithunzi zijambulidwe, ndi banja, ndi anzake, ndi aneba. Galimoto ikanyamuka, wina akumbutsa kuti pa Dedza pali msuweni amene analonjezedwa kuti adzatengedwa akaone ndege. Chilichonse mwa izi chimadya mphindi khumi kapena makumi awiri, ndipo chilichonse chimachokera m'chikondi chenicheni. N'chifukwa chake n'chovuta kuchikana.

Taganizirani wapaulendoyo. Ndi mwana wa zaka 22, ndipo amene akumuchedwetsa ndi omwe anasonkha ndalama ya tikiti. Angayambire pati kuuza amalume ake kuti afupikitse mawu? Amangoyang'ana foni mobisa, mtima uli phaphapha, n'kumayankha kuti zikomo. Mwambo wathu sumulola kufulumizitsa akulu, ndipo sitikufuna kuti uyambe kumulola. Chimene tikupempha n'chakuti akuluwo asenze okha udindo wa nthawi, poti ndi okhawo amene angadule nkhani popanda wina kukhumudwa.

Maganizo athu ndi akuti mwambo wonse wotsanzikana uchitike dzulo lake. Chakudya, malangizo, mapemphero, zithunzi, zonse zichitike madzulo pamene palibe wotchi yothamangitsa munthu, ndipo amalume alankhule mpaka akhutire. Katundu wotumiza afike tsiku lomwelo, chikwama chiyezedwe pa sikelo, ngakhale ya kuchigayo kapena yogulira mbewu, n'kutsekedwa. Ndege zambiri zimalola makilogalamu 23 pa chikwama chimodzi, ndipo palibe chochititsa manyazi ngati kumasula ufa ndi nsomba zouma pansi pamaso pa anthu mzere ukukudikira. Wokhala kutali ndi bwalo la ndege, monga ambirife tilili, akagone mumzinda usiku umenewo.

Tikudziwa kuti ena ati kugona m'tauni ndi ndalama zina. N'zoona, koma ndi angati mwa ife amene alibe mbale, mnzake wa kusukulu kapena wa kumpingo ku Area 25, ku Lumbadzi, ku Chirimba kapena ku Machinjiri? Ngakhale kulipira chipinda cha usiku umodzi, mtengo wake sufika n'komwe pa chindapusa chosinthira tikiti, osanena zogula ina. Ena ati ndege nazonso zimachedwa, nthawi zina maola angapo, ndiye kuthamangiranji. Zimachedwadi, ndipo zimapweteka kuti iwo akachedwa amangopepesa pamene ife tikachedwa timalipira. Koma simungadziwiretu tsiku limene ichedwe, ndipo ngakhale itachedwa, kauntala ikhoza kutsekedwabe pa nthawi yake yakale.

Palinso amene amaona kukhala pabwalo la ndege maola atatu ngati kutaya nthawi. Ife tikuona mosiyana, ndipo apa operekeza ndi amene amapindula. Banja lofika mochedwa silitsanzikana n'komwe. Mwana amatsika galimoto isanaime bwino, amalowa chothamanga, ndipo mayi amene anaumirira nsima m'mawa uja amatsala akuyang'ana msana wake, mwana woti mwina sadzamuona zaka zitatu. Banja lofika msanga limapereka zikwama, mwana n'kutenga chiphaso chokwerera, kenako n'kukhala naye pansi kwa kanthawi, mtima uli m'malo, asanalowe kumene operekeza saloledwa.

Nthawi yotsalayo imapulumutsanso pa zolakwika zing'onozing'ono zimene woyenda koyamba sangazipewe zonse. Dzina pa tikiti lasiyana chilembo ndi la pa pasipoti. Wapakauntala akufuna kuona kalata ya sukulu, tikiti yobwerera kapena chiphaso cha katemera wa yellow fever, ndipo zili pansi pa chikwama kapena mu foni yopanda moto. Botolo la mafuta odzola loposa mamililita 100 lili m'kachikwama ka m'manja. Zonsezi zimakonzeka ngati pali ola lapadera. Zina ziyenera kuonedwa kukadali milungu: mayiko ambiri amafuna pasipoti yotsala ndi miyezi isanu ndi umodzi isanathe, ndipo safunsa anadya phula.

Tikitiyonso iwerengedwe ndi anthu awiri, mokweza. Nthawi zimalembedwa mwa maola 24, choncho 13:05 ndi 1 koloko masana. Ndege ya 00:30 Lachiwiri imafuna kuti mukhale pabwalo Lolemba usiku, ndipo alipo amene anafika tsiku lathunthu ndege itapita chifukwa cha zimenezi. LLW ndi Lilongwe, BLZ ndi Blantyre. Nthawi iliyonse pa tikiti ndi ya dziko limene bwalolo lili: Addis Ababa ndi Nairobi ali patsogolo pathu ndi ola limodzi, pamene Johannesburg tili nayo pa nthawi imodzi. Wosintha ndege ku Addis amene wotchi yake ikadali ya ku Malawi amaganiza kuti ali ndi ola limene alibe.

Kwa akulu a mabanja ndi a mipingo amene mudzaperekeze ophunzira kumapeto kwa temu ino, pempho lathu n'lakuti pasankhidwe munthu mmodzi wamkulu wosunga nthawi, amene mawu ake amamveka. Iyeyo ndi wapaulendo okha ndi amene adziwe nthawi ya ndege. Ena onse, kuphatikizapo dalaivala, angouzidwa nthawi imene galimoto ichoke pakhomo, ndipo ikakwana ichoke, ngakhale amalume akadali pa kabaza.